Kadiso Kobiriwira

Ndinakagula Lachiwiri kuseri kwa msika wa Kapata,
kwa mnyamata wovala jekete yachikopa dzuwa likuswa mtengo.
Kachinthu kake kongofanana ndi bokosi la machesi.
Akuti, lowetsani pansi pa chiwongolero apa,
pali kabowo kamene opanga anakasiya dala,
galimoto iphunzira kumwa mafuta mwaulemu,
pachitunda muzikwera ngati mukutsika.

Ndinapereka makwacha mazana atatu.
A Esinala sindinawauze.

Sabata yoyamba Korola yanga inatsitsimuka,
kapena linali phazi langa linapepuka, kaya.
Ku Mwami ndinkapita kanayi pa tsiku,
amayi a geni ndi matumba awo a mbatatesi kumbuyo,
ine mluzu pakamwa.
Usiku ndikakhoma zitseko
ndinkasuzumira pagalasi:
kadiso kobiriwira kakuphethira mumdima.
Ndinkati ee, kakuganiza kameneko.

Kenaka uthenga wa maliro, amalume ku Chadiza.
Tinakwera lole ya mpingo.
Galimoto inatsala pansi pa mtengo wa mapeyala
masiku asanu, masamba akuyigwera.

Pobwerera, m'mawa wa Juni,
chisanu cha ku Mchini chikuluma makutu,
ndapotoza kiyi: tche, tche, tche.
Ndapotozanso: zii.
Aneba anatuluka kale atapinda manja a malaya kuti akankhe.
Ya otomatiki sikankhidwa, ndinawauza,
anabwerera kukamwa tiyi wawo.

Yotamu Shawa anafika pa njinga yamoto
atamangirira batire lobwereka kumbuyo.
Munthuyu sayankhula asanayeze.
Anamasula chingwe chakuda,
nalumikiza kamita kake kachikasu pakati,
nati titseke zitseko zonse,
tidikire galimoto igone.
Igone?
Inde, nayo imagona, koma imachedwa kupeza tulo.

Tinakhala pa njerwa tikukukuta chinangwa.
Manambala anatsika, anatsika,
nakakamira panjira ngati mbuzi yokana kuwoloka.
Anazula kabokosi: anagwa mpaka pansi.
Anakabwezera: anadzukanso.
Anatero katatu, kuti ndisadzati wandinamiza.

Kamamwa, anatero Yotamu,
koma ndi supuni ya tiyi.
Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku singamve n'komwe.
Tsono masiku asanu ili phee,
batire lanu la zaka zinayi
lomwe linkatsokomola kale chaka chatha...
Wakuba alipo, bwana,
koma chitseko chinali chodyedwa ndi chiswe.

Ine ndinkafuna wolakwa mmodzi.
Mmodzi yekha, woti ndimunyamule m'thumba
ndikamuponye patebulo ku Kapata.
Ndinapitadi. Pamalo paja
pali mayi wogulitsa zikwama za mafoni,
wa jekete uja sakumudziwa,
mwina anapita ku Katete, mwina Petauke.

Batire latsopano linadya ndalama ya feteleza.
A Esinala anamva zonse kwa mkazi wa Yotamu kutchalitchi.
Sanakalipe. Akupukuta mbale anangofunsa:
nanga mafuta kanapulumutsa malita angati?
Ndinatsegula pakamwa.
Sindinalembepo ngakhale tsiku limodzi.

Kwa masabata awiri ndinkakazula madzulo alionse
ndi kukaika m'sosala pamodzi ndi makiyi,
m'mawa n'kugwadanso pansi pa chiwongolero
ngati munthu wopempha chikhululukiro.
Tsiku lina ndinaiwala kukabwezera.
Korola inakwera chitunda chomwe chija
ndi mbatatesi zomwezo, kubuula komweko.

Usiku ndimadzidzimukabe cha m'ma thuu koloko,
ngongole ya Yotamu ikuphethira m'mutu,
ndimatuluka ndi tochi kukaona galimoto.
Muli mdima wokhawokha. Yagona.

Kabokosi kali ndi Ganizani tsopano.
Anakamanga ndi mphira pansi pa galimoto yake ya mawaya,
amathamanga nayo fumbi kobo mpaka pa mjigo,
ndipo akulumbira, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri,
kuti chiikireni
anzake onse amatsalira m'mbuyo.